Kalata Imene Ndinabisira Agness pa Msewu wa ku Tete

Chaka chotsatira chisankho choyamba cha matipate, ife amene tinamaliza limodzi maphunziro ku yunivesite ku Zomba tinayamba kusakana. Kale sitikanayerekeza, chifukwa anthu ophunzira akasonkhana khumi m'nyumba imodzi, mawa lake wina ankaitanidwa kukayankha mafunso. Tinagwirizana kuti aliyense azilemba mizere ingapo ya za ntchito yake, banja ndi ana. Ine Mercy Likoswe, poti ndinali mphunzitsi wokhala ndi makina akale otaipira kunyumba kwanga ku Chilomoni, ndinapatsidwa ntchito yozisonkhanitsa pa pepala limodzi n'kutumizira onse.

Makalata ankabwera okoma. Gilbert anali atakwezedwa kukhala manijala ku Mzuzu, mkazi wake atabereka mapasa. Flora anali ku Mangalande kuchita digiri yachiwiri, akudandaula za chisanu. Wina analemba masamba atatu ofotokoza za galimoto yake, mkazi n'kumutchula pamzere womaliza. Anzathu awiri anawayankhira ndi abale awo, kutidziwitsa kuti anatisiya.

Kenako kunabwera envulopu ya sitampa ya ku Zimbabwe. Ndinazindikira kalembedwe ndisanatsegule. Anali Wyson Namakhwa.

Wyson ndi ine tinkachokera dera limodzi ku Mulanje, moti ku Zomba ankanditchula kuti achemwali. Titangomaliza maphunziro anakwatira Agness, mtsikana wosoka zovala wa ku Bangwe. Mwana wawo wamkazi Chisomo ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, wina anakaneneza Wyson, amene anali mphunzitsi, kuti wanyoza boma m'kalasi. Mnzake atamutsina khutu, anatuluka m'nyumba ndi malaya a m'thupi okha, ndipo kwa zaka zisanu ndi zitatu panalibe amene anamva za iye. Anthu othawa atayamba kubwerera, Agness ankasiya makina ake n'kupita ku depoti kukayang'ana nkhope za otsika m'mabasi.

Kalatayo inali ya m'Chingerezi, yaifupi. Inkati wamva za pepala lathu, ali moyo, akuphunzitsa masamu pa sukulu ina ku Harare, anakwatira ndipo ali ndi ana awiri, wamwamuna ndi wamkazi. Moni kwa onse. M'munsi munali adiresi.

Loweruka ndinakwera minibasi wa ku Limbe, kenako wa ku Bangwe, nditakonzeka kunena zonse. Agness ndinamupeza pakhonde la golosale pafupi ndi msika, akusoka mayunifomu. Nditangoti, "Alamu, a Wyson ali moyo," anatsetsereka pampando n'kugwada m'fumbi. Amayi ogulitsa tomato anathamangira, nthungululu n'kuyamba, wina n'kuyambitsa nyimbo ya kutchalitchi. Pakati pa gulu limenelo theka linalo la uthenga, la mkazi ndi ana, ndinalibisa. Atafunsa za kalatayo ndinati ndaiwala kunyumba, chonsecho inali m'chikwama changa.

"Ndikukawatenga," anatero akupukuta misozi. "Akuopa kubwera, sakudziwa kuti zinthu zinasintha. Mundiperekeze, alamu, ine kunja sindinapiteko."

Ndinkaganiza kuti pasipoti imutopetsa, koma patatha miyezi iwiri anabwera nayo ku Chilomoni ataikulunga m'kampango. Wyson ndinamulembera kawiri, sanayankhe. Amuna anga anandichenjeza kuti, "Mercy, ukabisa matenda maliro adzaulula. Muuze asanakwere basi." Ndinalonjeza kuti ndimuuza ku depoti.

Linali Lachisanu la mu Okutobala. Basi ya ku Harare inkayenera kunyamuka pa Wenela sikisi koloko m'mawa. Agness anafika ndi minibasi woyamba, Chisomo atamusiya kwa mchemwali wake. Anavala diresi yatsopano yobiriwira, m'manja muli chikwama chimodzi ndi jumbo ya zigumu. Tikiti inandidyera pafupifupi theka la malipiro anga a mwezi, koma zimenezo sindinadandaule. Chimene chinkandidya ine chinali china. Pa depotipo panali phokoso, ageni akukangana ndi kondakitala za matumba a mpunga ndi mitolo ya zitenje yokweza pamwamba. Ndinadziuza kuti pano si malo ake, ndimuuza tikatuluka m'tauni. Tinanyamuka nthawi itadutsa hafu eyiti.

Pampando wathu wa anthu atatu tinakhala ndi Mai Jumbe a ku Ndirande, mayi wonenepa wa mawu aakulu, amene ankapita ku Harare mwezi ndi mwezi kukapikula majalini ndi mabulangete. Tisanafike pa Lunzu anali atadziwa kale kumene tikupita ndi chimene tikukachita.

"Zaka eyiti?" anatero akuomba m'manja. "Mwana wanga, mwamuna zaka eyiti kunja ali yekha? Kapena ndi wansembe? Machona ndawaona ine ku Mbare, ena anaiwala ndi Chinyanja chomwe."

"A Wyson si otero," Agness anayankha mofatsa. "Afunseni alamu angawa, anaphunzira nawo."

Onse awiri anandiyang'ana. Ine ndinati kunja kukutentha, n'kuyamba kulimbana ndi zenera lomwe linali lotsegula kale.

Tinawoloka Shire pa Zalewa n'kuyamba kukwera mapiri a ku Mwanza. Basi inkabuula pachitunda chilichonse, fungo la dizilo likulowera pansi pa mipando. Pa boda ya Mwanza tinatha maola awiri. Nyengo ya manachesi inali itatha, ogulitsa anali ndi mazira owiritsa ndi madzi a m'mapepala basi. Bambo wina anapezeka kuti pasipoti yake inatha mphamvu mwezi wathawo, ndiye tinadikira kuti katundu wake amutsitse, ndipo katunduyo anali pansi pa wa anthu onse. Pawindo, wodinda anafunsa Agness chimene akukachita ku Zimbabwe.

"Ndikukatenga amuna anga," anayankha mokweza, anthu a pamzere n'kuseka mokondwera naye.

Ndinapita kuseri kwa ofesi ngati ndikufuna chimbudzi, n'kuima pamenepo kuyeserera mawu. Nditabwerera ndinamupeza akuonetsa Mai Jumbe chithunzi cha Chisomo atavala yunifomu. Ndinati ndimuuza pa Zobue.

Pa Zobue, mbali ya Mozambique, mafomu anali a m'Chipwitikizi. Mai Jumbe anakhala pamwala n'kumalozera theka la basi pofunika kulemba dzina ndi pofunika kulemba tsiku lobadwa, akukalipira aliyense wolakwitsa. Mzere unali wautali, dzuwa lili paliwombo. Titabwerera m'basi mipando inkaotcha ngati chiwaya. Tinatsika mapiri kulowa m'chigwa, ndipo m'mphepete mwa msewu tinayamba kuona zotsalira za nkhondo, yomwe inali itatha zaka zitatu zokha m'mbuyomo: malole opserera atagona chafufumimba, nyumba zopanda madenga, makoma obowokabowoka. M'basi phokoso linachepa lokha. Tinadutsa Moatize, tinadikira pamzere wa malole kuti tiwoloke mlatho wa Zambezi, ndipo mu Tete dalaivala anangoima kuthira dizilo, akuti tikachedwa tipeza boda ya kutsogolo atatseka.

Patatha pafupifupi ola limodzi chichokereni mu Tete, tisanafike pa Changara, pansi pa basi panamveka kuti phwa! Fungo la labala yopserera linadzaza m'kati. Dalaivala anaimika basi theka pa tala, theka pamiyala ya m'mphepete. Lamba wa injini anali ataduka, ndipo wapadera analibe.

Tisanatsike dalaivalayo anaima pakhomo n'kukweza dzanja. Anali bambo wa imvi, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chisena.

"Mvetserani bwino. Munthu asachoke pa tala. Mukuiona miyala yopaka penti yofiira ija? Kuseri kwake kuli mabomba okwirira pansi, sanawachotse onse. Wofuna kudzithandiza apite kumbuyo kwa basi, pa tala pomwepo. Manyazi musiye ku Malawi."

Kondakitala anakwera lole yobwerera ku Tete kukasaka lamba. Ife tinakhala pansi motsamira basi, kulimbirana kamthunzi kopyapyala. Kunalibe mudzi, kunalibe mphepo, kunali minga ndi milambe basi. Ola loyamba anthu ankaseka, amayi akutchingirana zitenje kumbuyo kwa basi. Ola lachiwiri madzi anayamba kutha, khanda lina linalira mpaka mawu kusasa. Lole ikamadutsa tonse tinkaimirira, ikapitirira n'kukhalanso.

Agness anatsegula chikwama chake n'kutulutsa shati yoyera yopindidwa bwino.

"Ndasoka ndi miyezo yakale," anatero. "Ndikuopa kuti mwina ananenepa. M'kalata muja sananene?"

"Sananene."

"Mwaiwalanso kuitenga? Ndimafuna ndingoona kalembedwe kawo kokha."

Ndikanatha kunamanso. Koma ndinayang'ana shatiyo, mabatani ake osokedwa ndi manja, ndipo mphamvu zonamira zinandithera. Ndinatulutsa envulopu ija n'kumupatsa. Sindinanene kanthu, ngakhale kumukonzekeretsa. Pa zonse zimene ndinalakwa, chimenechi ndicho chimandichititsabe manyazi.

Agness analekezera Sitandade 8, koma mawu a Chingerezi onena za kukwatira ndi a ana aliyense amawadziwa. Anawerenga akuyendetsa chala, milomo ikugwedera. Atafika kumapeto anayambiranso.

"Yakhala ndi inu miyezi iwiri imeneyi?"

"Inde, alamu."

"Munabwera kwathu kanayi. Munandiperekeza kokajambulitsa chithunzi cha pasipoti. Munandiuza kuti ndimwetulire."

"Ndinkaopa, make Chisomo. Ndinkafuna..."

Sanadikire kuti ndimalize. Anaika shati ija pa tala, kalata pamwamba pake, n'kuimirira. Ndinkayesa akupita kumbuyo kwa basi. Koma anawoloka msewu, anadutsa pakati pa miyala iwiri yofiira, n'kumayenda molunjika mlambe wina umene unali chapatali.

"Mayi! Mayi inu!" dalaivala anakuwa. "Imani pomwepo!"

Anthu onse anadzambatuka. Ena ankakuwa, ena anathawira kuseri kwa basi, mayi wa khanda uja anagona pansi ataliphimba ndi thupi lake. Agness sanatembenuke. Ndinkamva udzu wouma ukuthetheka pa phazi lililonse, ndipo pa phazi lililonse ndinkatsinzina. Atafika pa mlambe anaugwira ndi manja onse awiri, anatsamiritsa chipumi, n'kuyamba kulira kulira kwa pamaliro.

"Khalani chete nonse!" dalaivala analamula. Kenako anaitana mofatsa. "Mayi, mwafika bwino. Tsopano musasunthe. Mukafuna kubwera mupondenso momwe munaponda."

"Ndisiyeni!" Agness anayankha osacheuka.

Mai Jumbe anandigwira pamkono mwamphamvu. "Mwamutani mwana wa eni?" Nditawauza m'mawu ochepa, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Sukulu yonse ija, nzeru zake n'zimenezi?"

Tinaitana, tinachonderera, osatheka. Dzuwa linkamuwomba pamsana. Dalaivala ananong'ona kuti akakomoka n'kugwera kumbali, palibe akudziwa chimene angagwere. Ndinayang'ana pansi. M'fumbi lofiiralo zidindo za nsapato zake zapulasitiki zinkaoneka bwino. Ndinavula nsapato zanga zazitali n'kuponda pa chidindo choyamba.

"Bwererani, aphunzitsi! Mwapenga?" dalaivala anakalipa. Koma panalibe amene akanandilondola.

Sindidziwa kuti ndinayenda nthawi yaitali bwanji. Pena zidindo zinkasowa mu udzu, ndiye ndinkaima ndi mwendo umodzi kufunafuna pamene udzu wagona. Minga inkandibaya koma sindinkayerekeza kudumpha. Ndinaganiza za ana anga atatu ku Chilomoni, ndi za amuna anga kuti adzawauza chiyani. Thukuta linkalowa m'maso. Nditafika kumbuyo kwake ndinagwira lamba wa diresi yake.

"Mwadzatani?" anafunsa.

"Ndabwera kudzakutengani."

"Kunditenga kupita nane kuti? Ku Bangwe amayi onse a pamsika akudikira kuti ndibwera ndi mwamuna. Chisomo wauza kalasi yonse."

"Ndalakwa ndine, alamu. Mukandikalipire pa tala, mukandimenye ngati mukufuna. Koma Chisomo kholo limene ali nalo ndi inu nokha."

Kenako anapukuta nkhope ndi mkono n'kutembenuka pang'onopang'ono, mapazi ali pamalo amodzi.

"Tsogolani," anatero. "Musandigwire."

Tinabwerera chimodzimodzi, ine patsogolo, iye m'mbuyo, dalaivala akutiwongolera ndi mawu. Nditaponda tala ndinangokhala pansi. Mpaka lero sindidziwa ngati pamalo amenewo panalidi bomba. Mai Jumbe anamwetsa Agness madzi awo omaliza, anamukhazika pamthunzi n'kumamupepesa ngati mwana.

Lole ina yopita ku Blantyre itaima kufunsa vuto lathu, Mai Jumbe anati, "Mwana wanga, bwerera ndi iyi. Ukatani kumeneko? Ukangodzipweteka mtima."

"Ayi, mayi, ndikupita," Agness anayankha. "Ndili ndi mawu oti ndikawauze pamaso."

Kondakitala anabwera ndi lamba dzuwa litapendeka. Pofika pa boda tinapeza atatseka, ndiye tinagona m'basi momwemo. Agness anasinthana malo ndi Mai Jumbe kuti asakhale pafupi nane. M'mawa tinadindanso, tinawolokera ku Nyamapanda, kumene katundu yense anatsitsidwa n'kukwezedwanso. Tinadutsa Mutoko ndi Murehwa osalankhulana, ndipo tinafika pa depoti ya Mbare mu Harare masana a Loweruka. Mai Jumbe anatikweza kombi, minibasi wa ku Highfield kumene adiresi ya Wyson inkaloza, anauza dalaivala wake m'Chishona potitsitsa, n'kutilozera nyumba ya alendo imene ankagonako iwo.

Nyumba ya Wyson inali yanjerwa, ya mpanda wa waya, pabwalo pali mtengo wa mapeyala. Tinamupeza atakhala pakhonde akuchonga makope. Anali atanenepadi, tsitsi litayamba kuthothoka. Anandiona ine poyamba n'kumwetulira mwamantha. Ataona amene anali kumbuyo kwanga, makope aja anagwa.

"Agness."

"Ndine, bambo a Chisomo."

M'nyumba munatuluka mayi wamng'ono thupi, mwana ali kumsana, wina atagwira siketi yake. Anatiyang'ana, anayang'ana mwamuna wake, ndipo ndinaona kuti wazindikira. Analowanso n'kubwera ndi mipando iwiri ndi madzi m'kapu, anagwada popereka. Ndinkaopa kuti Agness awakankha, koma anawalandira ndi manja awiri n'kumwa onse.

Wyson anayamba kufotokoza. Anati zaka zoyamba ankaopa kuti kalata yake ingatigwiritse tonse. Anati anadwala, ndipo mayiyu ndi amene anamusamala. Anati zinthu zitasintha analemba makalata ambiri koma ankawang'amba, ndipo mizere ija anailembera ine dala, kuti ndikanene zimene iye zinkamukanika.

Agness anamusiya mpaka mawu anamuthera.

"Sindinabwere kudzakangana," anatero. "Ndinanyamuka kudzakutengani, koma zimenezo zathera m'njira. Kwatsala uthenga umodzi, umene sindinauze ngakhale alamu angawa, poti woyamba kuumva ayenera kukhala inu. Mayi anu anamwalira dzinja lathali. Atadwala ndinakawatenga kumudzi, anakhala nane ku Bangwe miyezi isanu. Ndinkawasambitsa ndine, ndipo anatsirizikira pamiyendo pangapa. Tinakawaika ku Mulanje pafupi ndi bambo anu. Mpaka tsiku lomaliza ankandiuza kuti ndisakwatiwe, mubwera."

Wyson anatsetsereka pampando n'kukhala pansi pa simenti, manja kumutu. Kulira kwake kunatulutsa anthu a nyumba zoyandikana. Mkazi wake uja anagwada pambali pake, nayenso akulira, ana atasokonezeka. Agness anakhala chowongoka, manja pamiyendo, mpaka kulirako kunachepa.

"Nanga Chisomo?" Wyson anafunsa. "Amandidziwa? Mukamuuza chiyani?"

"Palibe chimene ndikamuuze. Zaka eyiti ndakhala ndikukuyankhulirani, kwa mwana, kwa mayi anu, kwa anthu a kumpingo. Ndatopa. Msewu ndi womwewu tadzera ifewu, ndipo masiku ano palibe akukusakani. Mubwere mudzamuuze nokha."

Anaimirira, anathokoza mayi uja chifukwa cha madzi, n'kunyamula chikwama chake. Wyson anachonderera kuti tigone, koma Agness anali atafika kale pageti.

Tinabwerera Lolemba, ndipo basi sinavute. Wyson anabweradi pa tchuthi cha Khirisimasi. Anakagwada pamanda a mayi ake, kenako anapita ku Bangwe. Agness anamuyalira mkeka pakhonde, anaitana Chisomo, iye n'kunyamuka kupita ku makina ake kumsika. Akuti bambo ndi mwana anakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mtsikanayo anafunsa mafunso onse amene akuluakulu tinkaopa kufunsa. Wyson anayankha yekha, popanda womuthandiza.